Ndodo kapena phazi: kodi a ku Ireland amakonda kuonera chiyani pa kanema?

Lamulungu la pa 14 Julayi 2024, Spain inagonjetsa England 2-1 mumzinda wa Berlin n'kunyamula chikho cha mayiko a ku Ulaya. Patangotha sabata imodzi, pa 21 Julayi, anthu 82,300 anadzaza bwalo la Croke Park ku Dublin kukaonera Clare ndi Cork akulimbirana chikho cha Liam MacCarthy pa masewero a hurling. Mafainolo onse awiri anaonetsedwa pa RTÉ, wailesi ya kanema ya dziko la Ireland, ndipo onse anakopa chinamtindi cha anthu. Ya hurling ija, imene Clare inapambana ndi pointi imodzi yokha zitafika pa mphindi zoonjezera, anaionera anthu opitirira 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu 5.1 miliyoni.

Chiwerengero chotere chikangotuluka, mkangano wakalekale umabukanso. Okonda hurling amati nkhani yathera pomwepo, masewero a makolo awo ndiwo ali pamtima pa mtundu. Okonda mpira wamiyendo amangoseka, n'kufunsa kuti anthu 1 miliyoni amenewo amakhala kuti miyezi ina yonse ya chaka. Mbali zonse zili ndi mfundo, koma zimene akuwerengazo n'zosiyana.

Kwa amene sanauonepo, hurling amasewera anthu 15 mbali iliyonse, aliyense atagwira ndodo yophwatalala kunsonga yosemedwa kuchokera ku mtengo wa ash. Kampira kake, kotchedwa sliotar, n'kolimba ndipo kamakwana m'dzanja. Kakalowa muukonde ndiye kuti timu yapata mapointi atatu, kakadutsa pamwamba pa mtanda wa golo, pakati pa mizati iwiri yaitali, ndi pointi imodzi. N'chifukwa chake zotsatira zimalembedwa mwachilendo: Clare 3-29, Cork 1-34, kutanthauza 38 kwa 37. M'mphindi 70 zokha mapointi amagwa ngati mvula, ndipo kampirako kamatha kuchoka ku golo ina kukafika ku inzake munthu asanameze malovu. Kuyambira 2010 wosewera aliyense amakakamizidwa kuvala chisoti chotchinga nkhope. Osewera onsewa salandira malipiro. Amene mwamuona akuchinya chigoli pa Croke Park Lamulungu, masiku angapo otsatira mukamupeza m'kalasi akuphunzitsa ana, kubanki kapena kukhola la ng'ombe.

Mkangano wa masewero awiriwa ndi wakale kuposa kanema amene. Bungwe la GAA, limene limayendetsa hurling ndi mpira wa chiGaelic, linakhazikitsidwa pa 1 Novembala 1884 mu hotela ya Hayes m'tauni ya Thurles, pa nthawi imene Ireland inali pansi pa ulamuliro wa Britain. Oyambitsa ake, monga Michael Cusack, ankaona kuti masewero ochokera ku England akuphimba a eni dziko. Pambuyo pake bungweli linaika lamulo loletsa mamembala ake kusewera kapenanso kungoonera mpira wamiyendo, rugby, cricket ndi hockey. Lamuloli silinali la masewera: mu 1938 Douglas Hyde, pulezidenti woyamba wa Ireland, anachotsedwa pa udindo wake waulemu m'bungweli chifukwa anapita ku Dalymount Park kukaonera timu ya dziko lake ikusewera ndi Poland. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1971, ndipo ambiri amati kanema anathandiza kuchipha, popeza munthu sungamulondalonde pa zimene akuonera pabalaza pake. Komabe zinatenga mpaka 2007 kuti timu ya mpira wamiyendo ya Ireland iponde pa Croke Park, pamene inagonjetsa Wales 1-0.

Tsono mfundo ya okonda hurling ndi yamphamvu ndithu pa tsiku la fainolo. Chaka ndi chaka, bungwe la TAM Ireland likatulutsa mndandanda wa mapulogalamu amene anaoneredwa kwambiri, fainolo ya hurling imapezeka cha pamwamba, limodzi ndi ya mpira wa chiGaelic ndi masewero akuluakulu a rugby. Imene imaposa onse pafupifupi chaka chilichonse si ya zamasewero n'komwe, koma pulogalamu ya ana ya nyengo ya Khrisimasi yotchedwa The Late Late Toy Show. Fainolo ya hurling inayamba kuonetsedwa pa kanema mu 1962, Tipperary ikukumana ndi Wexford, ndipo kuyambira pamenepo lasanduka tsiku limene ngakhale agogo osadziwa dzina la wosewera ndi mmodzi yemwe amakhala pansi n'kuonera. Malamulo a dziko amateteza tsikuli: fainoloyi ili pa mndandanda wa zochitika zimene ziyenera kuonetsedwa pa kanema wosalipiritsa. Mu 2018 bungwe la UNESCO linalemba hurling m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu choyenera kusungidwa, ndipo mu 2024 BBC Two inaonetsa fainolo ija m'dziko lonse la United Kingdom kwa nthawi yoyamba. Oonera a ku England amene anali asanaonepo zoterezi anagwira pakamwa ndi chigoli cha Tony Kelly, kaputeni wa Clare.

Koma fainolo ndi tsiku limodzi, ndipo pamenepa ndi pamene chiwerengero chija chimayamba kunyenga.

Mpira wamiyendo umene anthu a ku Ireland amaonera kwambiri ndi wa Premier League ya ku England, umene umayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi, sabata ndi sabata, masewero 380 pa chaka. Masewerowa ali pa makanema olipira monga Sky Sports, kotero palibe amodzi amene angasonkhanitse anthu 1 miliyoni nthawi imodzi. Oonera ake ndi omwazikana: ena Loweruka masana, ena Lamulungu madzulo, ena pakati pa sabata pa Champions League. Chinanso n'chakuti chiwerengero cha TAM chimachokera ku zipangizo zoikidwa m'nyumba zosankhidwa zopitirira pang'ono 1,000, zimene zimaimira dziko lonse. Gulu limene ladzaza m'bala kuonera Liverpool ndi Manchester United silimalowa m'kawerengedwe ka m'nyumba kameneka, chimodzimodzi amene akuonera kudzera m'njira zozembera malipiro. Aliyense amene anaonapo nyumba yoonetsera mpira ku Ndirande kapena ku Kawale itadzaza tsiku la Arsenal ndi Chelsea akudziwa kuti kanema mmodzi akhoza kukhala ndi maso a anthu makumi angapo. Mukaphatikiza maola onse amene munthu wamba amathera akuyang'ana mpira wamiyendo pa chaka, hurling imatsalira kutali, popeza mpikisano wake waukulu umayamba mu Epulo n'kutha mu Julayi.

Pa nkhani ya osewera nazonso zinthu zili chimodzimodzi. Kafukufuku wa Irish Sports Monitor wakhala akusonyeza kuti pa masewero a timu, mpira wamiyendo ndi umene akuluakulu ambiri amasewera. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mpira wamiyendo umangofuna mpira ndi malo, pamene hurling imafuna ndodo, chisoti ndi luso limene munthu akapanda kuliyamba ali wamng'ono salipezanso. Mwana wa banja lochokera ku Poland, Nigeria kapena Brazil amene wangofika ku Dublin amadziwa kale kuthamangitsa mpira ndi phazi. Kutola sliotar ndi ndodo uku akuthamanga kumafuna zaka.

Chofooka chachikulu cha hurling ndi mapu ake. Pa chilumba chonse cha Ireland pali maboma 32, koma atatu okha ndiwo agawana zikho zambiri: pofika mu 2025 Kilkenny inali itatenga 36, Cork 30, Tipperary 29. Masewerowa ndi amphamvu m'chigawo cha Munster, kummwera kwa Leinster ndi ku Galway. Mukalowera kumpoto zinthu zimazilala, kupatula timadera tina ta ku Antrim, Down ndi Derry. Palibe timu ya m'chigawo cha Ulster imene inatengapo chikhochi, ndipo Antrim inangofika mu fainolo kawiri, mu 1943 ndi mu 1989. Maboma ambiri amasewera m'mipikisano yapansi, ya zikho za Joe McDonagh, Christy Ring, Nicky Rackard ndi Lory Meagher, imene kawirikawiri mipando yambiri imakhala yopanda anthu. Munthu wa ku Donegal kapena ku Mayo amaionera fainolo ya hurling mokondwa, amaitamanda, koma mwana wake amapita kukasewera mpira wa chiGaelic kapena wamiyendo. Amaikonda ngati chinthu cha mtundu wake, osati ngati chinthu cha mudzi wake. Ndipo kafukufuku wina wofunsa anthu masewero amene amawakonda amaphatikiza hurling ndi mpira wa chiGaelic pansi pa dzina limodzi, zimene zimabisa kuti gawo la hurling payokha ndi lalikulu bwanji.

Okonda mpira wamiyendo asafulumire kuvina. Funso limene iwo amalizemba n'lakuti, mpira umene akuonerawo ndi wa yani? Ndalama za malipiro a kanema, za majezi ndi za matikiti a ndege zopita ku Liverpool, Manchester ndi Glasgow Loweruka lililonse zimakathera kutsidya la nyanja. Ligi ya kwawo, League of Ireland, yakhala zaka zambiri ikusewera m'mabwalo akale pamaso pa anthu masauzande ochepa, pamene masewero a hurling a m'chigawo cha Munster okha amadzaza Semple Stadium ku Thurles ndi Páirc Uí Chaoimh ku Cork. Kunena zoona, zinthu zayamba kusintha. Fainolo ya FAI Cup ya 2023, imene St Patrick's Athletic inagonjetsa Bohemians 3-1, inakopa anthu 43,881 pa Aviva Stadium, ndipo mu Febuluwale 2025 anthu opitirira 33,000 anaonera Bohemians ndi Shamrock Rovers pa bwalo lomwelo m'masewero a ligi. Koma masiku awiri amenewa sanafikebe pa khamu limene hurling imasonkhanitsa kangapo chaka chilichonse.

Chimene chimagwedeza dziko lonse, kuposa ngakhale fainolo ya pa Croke Park, ndi timu ya dziko ikamachita bwino. Amene analipo mu 1990 amakumbukira misewu ili zii pamene anyamata a Jack Charlton ankasewera ndi Romania ku Genoa pa World Cup, Packie Bonner n'kugwira penote, David O'Leary n'kumwetsa yomaliza. Amakumbukira zigoli za Ray Houghton, china chogonjetsa England mu 1988, china Italy mu 1994. Hurling singapereke tsiku lotere, chifukwa ilibe mdani wakunja: Clare ikasangalala, Cork ikulira. Vuto n'lakuti masiku oterewa amadalira timu kupambana, ndipo timu ya amuna inapita komaliza ku World Cup mu 2002 ndi ku mpikisano wa mayiko a ku Ulaya mu 2016. Fainolo ya hurling ilipo chaka chilichonse, kaya timu zili bwino kaya ayi. Mu 2025 inaperekanso nkhani yokambirana miyezi, pamene Cork inapita kopumulira ikutsogola ndi mapointi asanu ndi imodzi, n'kungopata mapointi awiri okha m'chigawo chachiwiri, Tipperary n'kuiswa 3-27 kwa 1-18.

Pakulingalira zonsezi, zikuoneka kuti chimene chingachepetse oonera hurling si mpira wamiyendo kwenikweni, koma zisankho za eni ake. Kuyambira 2014 mpaka 2022 GAA inagulitsa masewero ena ku Sky Sports, anthu n'kudandaula. Mgwirizanowo utatha, masewero ambiri anapita ku GAAGO, njira yoonera pa intaneti yolipira imene GAA inali nayo limodzi ndi RTÉ. Mu 2023 masewero otentha a ku Munster, kuphatikizapo a Limerick ndi Clare komanso a Cork ndi Tipperary, sanaonetsedwe pa kanema waulere, ndipo mkwiyo wake unafika mpaka kwa andale. Dónal Óg Cusack, amene kale anali goloboyi wa Cork, anadzudzula zimenezi pa pulogalamu ya The Sunday Game ya RTÉ yomweyo. Odandaula ankanena za okalamba a kumidzi amene alibe intaneti yodalirika. Bungwe la GAA linayankha kuti RTÉ singathe kuonetsa masewero onse, ndiponso kuti ndalama zimabwerera ku makalabu a m'midzi, mfundo imene si yabodza. Koma Premier League ikhoza kubisala kuseri kwa malipiro popanda kutaya kanthu, chifukwa mwana amakumana nayo kulikonse. Masewero amene theka la dziko siliwasewera amadalira kanema waulere kuti mwana wa ku Sligo awaone n'komwe. Mu 2025 njira ya GAAGO ija inasintha dzina kukhala GAA+, ili m'manja mwa GAA yokha.

Palinso kalendala. Kwa zaka zambiri fainolo inkaseweredwa kumayambiriro kwa Sepitembala, sukulu zitatsegulidwa, aphunzitsi ndi ana akukambirana za iyo. Kuyambira 2022 imaseweredwa mu Julayi kuti osewera apeze nthawi yotumikira makalabu awo. Osewera ambiri akuyamikira, koma zikutanthauza kuti m'zaka za World Cup ndi za mpikisano wa mayiko a ku Ulaya, masabata otentha a hurling amagundana ndi mpira wamiyendo wapamwamba, kenako GAA n'kusiyira Premier League miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala.

Kugundana kwenikweni kudzaoneka mu 2028, pamene Ireland ndi United Kingdom zidzachititse limodzi mpikisano wa mayiko a ku Ulaya. Masewero ena adzachitikira pa Aviva Stadium, mumzinda womwewo wa Dublin ndi m'nyengo yomweyo imene hurling imakhala ikuyandikira ndime zake zomaliza. Croke Park inachotsedwa pa mndandanda wa mabwalo mu 2023, ndipo Casement Park ya ku Belfast, bwalo la GAA limene linayenera kumangidwanso kuti lilandire masewero ena a mpikisanowu, linagwa m'njira mu Sepitembala 2024 boma la Britain litakana kupereka ndalama zoti ntchitoyo ithe pa nthawi yake.