Tisagulitse boti chifukwa cha viza ya ku Australia



Masiku ano padoko, anthu akamasoka maukonde kapena kuyanika usipa pathandala, nkhani sikhalanso ya ku Joni yokha. Achinyamata ayamba kukamba za Australia. Pa WhatsApp pakuyenda mauthenga oti mabwana a mafamu kumeneko akufuna antchito, ungolipira ndalama yoyambira basi, ukakhala konko mpaka kalekale. Ife tikuti njirayo ilipodi, koma si ya aliyense, ndipo sigulidwa ndi ndalama.

Tiyambe ndi zoona zake. Boma la Australia lili ndi viza yotchedwa subclass 494, yomwe inayamba pa 16 Novembala 2019. Cholinga chake n'kupezera antchito aluso madera a kunja kwa Sydney, Melbourne ndi Brisbane. Bwana wa kumaderako amene wasowa munthu waluso m'dziko mwawo ndiye amakusankha n'kukuimira. Vizayi ndi ya zaka 5. Ukakhala ndi kugwira ntchito kumaderako zaka 3, ungapemphe viza ina, subclass 191, yokulola kukhala m'dzikomo mpaka kalekale. Mkazi ndi ana angalembedwe nawo pa pempholo.

Apa zikukoma. Koma tamvani zofunika zake. Kawirikawiri uyenera kukhala wosakwana zaka 45. Uyenera kukhoza mayeso a Chingerezi monga IELTS. Ntchito yako ikhale pa mndandanda wa boma, uonetse umboni woti waigwira zaka zosachepera 3, ndipo luso lako liyesedwe ndi bungwe lovomerezeka kumeneko. Tsono mlovi amene wakoka chilimira kuyambira ubwana wake, amene amadziwa mwera usanafike, luso ali nalo ndithu, ife tonse ndife mboni. Koma ofesi ya viza siona zikhatho zolimba, imaona mapepala. N'zowawa, komabe ndi bwino tiuzane tokha kusiyana n'kuti atiuze wakuba ndalama zitapita kale.

Chinanso chimene ambiri sadziwa: malamulo a ku Australia amaletsa bwana kulandira ndalama kuti akuimire pa viza, ndipo woperekayo naye ndi wolakwa. Choncho munthu akati "gulani malo kwa bwana wanga", mwina ndi wakuba, mwina akukulowetsani m'mlandu. Othandiza pa za viza m'dzikomo amalembetsedwa ku ofesi ya boma yotchedwa OMARA, ndipo mayina awo amaoneka pa intaneti. Kazembe wa Australia woyang'anira Malawi amakhala ku Harare, osati m'kachipinda ka kuseri kwa msika. Kwa ife Asilamu nkhaniyi ndi yomveka: rizki lolowera pa ziphuphu ndi satifiketi zabodza si la halali.

Ena atifunsa kuti, kodi mukuletsa ana kupita kunja? Ayi ndithu. Dziko lapansi ndi la Allah, ndipo Asilamu sanayambe lero kufika ku Australia. Asodzi a ku Makassar ankapita kukasodza kugombe la kumpoto kwa dzikolo Azungu asanakhazikikeko. M'zaka za m'ma 1800 kunafika Asilamu oyendetsa ngamira amene anamanga mizikiti m'matauni a m'chipululu monga Marree ndi Broken Hill. Lero ku Shepparton ndi ku Katanning kuli mizikiti. Koma tauni zina zazing'ono zilibe mzikiti, madrasa ngakhale butchala ya halali. Popeza vizayi imakumangirira kwa bwana amene wakuimira komanso kumadera amenewo, funsani musananyamuke: Jumu'a ndikaswalira kuti? Ana akaphunzira kuti Qur'an? Bwana akandichotsa ntchito zikhala bwanji? Lamulo limapereka nthawi yochepa yopezera bwana wina, ikatha vizayo ili pangozi.

Nanga tichite chiyani? Ngati m'banja muli mwana amene mtima wake uli kunja, ndalama imene mukanapatsa mkhalapakati ipite ku sukulu. Kuno kwathu tili ndi Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe, ku Mangochi. Ku LUANAR amaphunzitsa ulimi wa nsomba ndi wa ziweto. Masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA amaphunzitsa kuwotcherera zitsulo ndi umakaniko. Ku Tasmania amaweta nsomba za salmon, ku Port Lincoln amaweta tuna, ndipo ntchito zotere zimafuna anthu ophunzira. Mwana akhoze, agwire ntchito yolembedwa, asunge makalata a mabwana ake, anole Chingerezi. Viza ikatheka, Alhamdulillah. Ikakanika, luso lija silipita kulikonse: akumba madamu a nsomba, akonza injini za maboti konkuno.

Koma boti likagulitsidwa, alovi onse amene amadyerapo agona ndi njala. Munda wa mpunga ukapita, subwerera. Ndiye musanasaine kapena kutumiza ndalama pa foni, khalani pansi ndi banja, onetsani mapepalawo kwa munthu wodziwa kuwerenga bwino Chingerezi, funsani a shehe, swalani istikhara. Wokuuzani kuti "lipirani lero, mawa malo atha" musiyeni apite.

Allah atipatse rizki la halali, kaya kuno kunyanja kaya kutali. Ameen.