Gruff Rhys Aimba m'Citundu Cake, Ndipo Sapepesa

Mu September 2025, woimba wa ku Wales dzina lake Gruff Rhys anatulutsa cimbale cochedwa Dim Probs, kutanthauza kuti "palibe vuto." Nyimbo zake ni za m'Ciwelishi, citundu cimene kalembela wa 2021 anapeza kuti okamba ake mu Wales safika na 600,000 komwe. Anthu a mu Lusaka mokha amaposa nambala imeneyi kangapo. Mwamunayu Cingelezi amacidziwa bwino, ndipo zimbale zake zambili anaimba m'Cingelezi. Ndiye pali anthu ena, aja odziwa zonse, amene amati kuimba rock m'citundu caching'ono ni kudzitsekela wekha m'khola. Ine nikuti anthu amenewa akunama, ndipo bodza lawo likuwononga anyamata na atsikana amene ali na magitala m'makomboni mwathu.

Tiyambe na kucotsa umbuli umodzi. Si mzungu aliyense wa ku Britain amene anayamwa Cingelezi. Wales ni dziko la anthu oposa 3 miliyoni, kumadzulo kwa England, ndipo Ciwelishi cinali kukambidwa pa cisumbu cimeneco Cingelezi cisanafike. Mu 1847 boma la ku London linatulutsa lipoti la zamaphunzilo limene linanyoza citunduci kuti ndico cikubweza anthu kumbuyo. M'masukulu ena, mwana akagwidwa akukamba Ciwelishi anali kumuveka kathabwa m'khosi, kochedwa Welsh Not, ndipo amene kamuthela tsiku kali pa iye anali kulangidwa. Imwe amene munalembedwapo dzina na monita cifukwa cokamba Cinyanja m'kalasi, nkhani iyi simufunika womasulila. Ndodo yake ni imodzimodzi.

Gruff Rhys anakulila ku Bethesda, tauni ya migodi ya miyala kumpoto kwa Wales, kumene anchito anacita sitalaka ya zaka zitatu, kuyambila 1900 mpaka 1903. Kumeneko Ciwelishi ndico citundu ca panyumba na ca mumsewu. Gulu lake, Super Furry Animals, linayamba mu 1993 ku Cardiff, ndipo linasaina na Creation Records, kampani imene inalinso na gulu la Oasis. Zimbale zitatu zoyamba zinali za Cingelezi. Kampaniyo itatseka, anyamatawa sanayende kukagogoda pa maofesi a ku London na cisoti m'manja. Mu 2000 anatulutsa okha cimbale ca Mwng pa kakampani kawo ka Placid Casual, nyimbo zonse m'Ciwelishi, ndipo cinafika pa nambala 11 pa machati a dziko lonse la Britain. Ambili amene anacigula sanali kumva ngakhale liwu limodzi. Phungu wina, Elfyn Llwyd, anafika pocichula m'nyumba ya malamulo ku London.

Manje aja odziwa zonse atiuze: khola lija lili kuti?

Nidziwa yankho lawo. Adzati Gruff Rhys anachuka coyamba na Cingelezi, ndiye Ciwelishi cake ni masewela a munthu wokhuta. Pali coona pang'ono pamenepo, cifukwa dzina analipanga pa Creation. Koma tiwafunse za Adwaith, gulu la atsikana a ku Carmarthen amene anayamba na Ciwelishi kucokela pa cimbale cawo coyamba. Iwo anapambana mphoto ya Welsh Music Prize kawili, mu 2019 na cimbale ca Melyn, ndiponso mu 2022 na Bato Mato. Palibe kampani yaikulu imene inawanyamula. Ali pa kakampani ka kwawo komweko ka Libertino. Sanadutsile m'Cingelezi monga munthu wopempha cilolezo kwa mlonda pa geti.

Apa m'pamene pali nkhani ya ufulu wa woimba, uja amati indie. Kampani yaikulu ikaika ndalama zake pa iwe, imafuna zibwele mwamsanga, ndipo njila yaifupi ni kukuuza kuti uimbe monga wina amene anagulitsa kale. Citundu cako cimakhala cinthu coyamba kutayidwa. Woimba amene ali pa kampani yaing'ono amapeza zocepa, amanyamula yekha zoimbila, nthawi zina amagona m'motoka. Koma palibe womulembela mawu. Dim Probs inatuluka pa Rock Action, kampani ya gulu la Mogwai la ku Glasgow. Oimba anzake ndiwo anamutsegulila citseko, anthu odziwa kuti nyimbo siyamba na funso lakuti idzagulitsa zingati.

Ena adzati makutu a anthu safuna mawu acilendo. Ife a ku Zambia ndife omaliza kukamba zimenezo. Makolo athu anavina rumba ya Franco mpaka nsapato kutha, Cilingala osacidziwa. Imwe mumavina amapiano tsiku lililonse, ndipo Cizulu cimene mumadziwa sicingakugulileni na buledi ku Johannesburg. Gruff Rhys yemwe anaona zimenezi. Cimbale cake ca Pang! ca mu 2019, naconso ca m'Ciwelishi, anacipanga na Muzi, mnyamata wa ku South Africa amene anakumana naye kupyolela mu Africa Express. Mwelishi na Mzulu anagwilizana pa nyimbo popanda kufunsa ngati a ku London adzamva mawu ake.

Sinikuti nyimbo zokha zingapulumutse citundu. Kalembela wa 2011 anapeza okamba Ciwelishi pafupifupi 562,000 mu Wales, koma mu 2021 anatsika kufika pa 538,300. Boma lawo lifuna kuti afike 1 miliyoni pofika 2050, ndipo ulendo ukali wautali. Zimene ali nazo anazimenyela nkhondo. TV ya Ciwelishi, S4C, inatsegulidwa mu 1982 pambuyo pakuti wandale Gwynfor Evans anaopseza mu 1980 kuti adzadzimana cakudya mpaka kufa ngati boma silisunga lonjezo lake. Malamulo, masukulu na wailesi zonse n'zofunika. Koma monga mphunzitsi nikuuzeni cimene nimaona caka na caka: citundu cimene mwana amacigwilitsila nchito polemba mayeso cabe, amacisiya pa geti ya sukulu pamodzi na yunifomu. Cimene amapita naco kunyumba ni cija cimene amaimbila cikondi cake, mkwiyo wake na mantha ake. Nchito imeneyo silabasi siingaigwile. Amaigwila ni anthu monga Gruff Rhys.

Kuno kwathu vuto lili na nkhope ina. Cinyanja sicikufa, cili pa wailesi, m'minibasi na m'mabala. Koma tacipatsa malile. Tacilola kuti cikhale ca kuvina, ca nthabwala, ca kunyozana na ca maliro. Mnyamata akagwila gitala n'kufuna kuimba zakuya, za kusowa nchito olo za kusungulumwa, lilime limatembenuka lokha kupita ku Cingelezi, na kamvekedwe ka ku America kamene sanafikeko. Ndani anamuuza kuti rock siimva Cinyanja? Paul Ngozi na gulu lake la Ngozi Family anali kuliza gitala yaukali m'ma 1970, akuimba m'Cinyanja na m'Cingelezi momwe. Iye anamwalila mu 1989. Patapita zaka 35, mu 2024, Tyler, the Creator wa ku America anatenga cigawo ca nyimbo yake ya Nizakupanga Ngozi n'kuciika m'nyimbo ya Noid, pa cimbale cimene cinafika pa nambala 1 ku America. Anasankha ya Cinyanja. Fodya wako ni uyo ali pamphuno, anatelo akale, koma ife timadikila mlendo kuti atiuze kuti ni wabwino.

Conco sakilani Dim Probs pa intaneti, mumveleko. Mwina muzaikonda, mwina iyayi, ndipo zimenezo n'zanu. Koma pomvela kumbukilani kuti uyu ni munthu wa zaka zoposa 50 amene akanatha kuimba Cingelezi moyo wake wonse n'kumadya bwino, koma amabwelela ku citundu ca amayi ake mobweleza-bweleza, ndipo sapepesa kwa aliyense. Okamba citundu cake ni ocepa kuposa okhala mu Lusaka. Imwe muli na anthu mamiliyoni ambili okumvani, kucokela ku Chipata mpaka ku Blantyre na ku Tete. Mukadzakhala pansi kulemba nyimbo yanu yotsatila, mudzifunse kuti mukuopa ndani.