Asaleke Jekeseni: Yankho kwa Anthu a kwa Mlolo

Mau afala m'dziko la Mfumu Mlolo, m'midzi ya m'mbali mwa mseu wochokera ku Katete kufikira kumalire a Chanida, ndipo ena akuwatumiza pa WhatsApp, akuti jekeseni ya insulin ndiyo imagwetsa ndi kupha odwala matenda a shuga, kotero kuti wanzeru aileke, azimwa madzi owawa a nimu amene ati amatsuka kapamba. Sitiwanyoza onena mauwa, pakuti ambiri a iwo anaonadi mbale wao atabaya m'mamawa, nanyamula khasu osalawa kanthu, dzuwa lisanafike pamutu ali chigonere m'mizere, thukuta lozizira lili noninoni, manja akunjenjemera. Chimene anaona ndi choona, koma mlandu aupereka kwa wosalakwa.

M'kati mwa kapamba, chiwalo chogona kuseri kwa chifu, muli timagulu ta maselo pafupifupi 1 miliyoni, timene Paul Langerhans anatifotokoza ku Berlin m'chaka cha 1869, ndipo kagulu kalikonse ndi bwalo la nduna zimene sizigamula kanthu zisanamvane, popeza mutu umodzi susenza denga. Nsima ikalowa m'mimba, shuga nachuluka m'magazi, maselo otchedwa beta amatulutsa insulin, imene imalowetsa shugayo m'minofu ndi kumsungitsa m'chiwindi. Ndipo satulutsa aliyense payekha, koma amadziwitsana kudzera m'timipata tolumikiza selo ndi linzake, kuti insulin ituluke pamodzi, m'mafunde obwera patapita mphindi zowerengeka. Nthawi yomweyo amatontholetsa anansi ao, maselo a alpha, eni ake a glucagon, amene ntchito yake ndi kulamula chiwindi kuti chibweze shuga m'magazi. Palinso a delta, ochepa koma omveredwa, amene ndi somatostatin wao amaletsa mbali zonse ziwiri kuti zisapyole muyeso. Njala ikafika, a beta amakhala chete, ndipo kukhala chete kwaoko ndi umodzi mwa mithenga imene imadzutsa a alpha. Ndicho chifukwa chake munthu wangwiro angathe kulima mpaka masana wopanda kanthu m'mimba osakomoka.

Tsono taonani chimene chimachitika kwa mwana amene maselo ake a beta anaonongeka. A alpha alipo ndithu, koma wowauza palibe: mwanayo akadya amatulutsa glucagon wosafunika, shuga nakwera koposa, ndipo shuga akatsika amangokhala duu, monga anaonetsera John Gerich ndi anzake ku San Francisco mu 1973. Insulin ya m'botolo imagwira ntchito ya yachibadwa, koma ilibe makutu. Ikalowa pansi pa khungu siingamve kuti lero phala silinaphikidwe, kapena kuti munda wa lero ndi wautali. Chimene chinamgwetsa mbale uja ndi muyeso wosagwirizana ndi chakudya ndi ntchito ya tsikulo, ndipo mankhwala ake ndi timasipuni titatu ta shuga m'kapu ya madzi, kenaka chakudya, ndi kukauza a kuchipatala kuti aunikenso muyesowo. Akakomoka osatha kumeza, musamthire kanthu m'kamwa. Thamangani naye ku kiliniki.

Za nimu tinene mwachidule. Kapamba sanade kuti atsukidwe, ndipo palibe tsamba, lowawa kapena lozuna, limene ladziwika kuti limadzutsa maselo amene anafa. Chisanafike chaka cha 1921, pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulin ku Toronto, zitsamba zinalipo pa dziko lonse lapansi, komabe ana ogwidwa ndi nthendayi sankakhala nthawi yaitali. Mnyamata woyamba kubayidwa, Leonard Thompson, anali kutha ndithu mu January 1922, koma anakhalanso ndi moyo zaka 13.

Tivomereze kuti si wodwala shuga aliyense afunikira jekeseni. Akulu ambiri amathandizika ndi mapiritsi, kuchepetsa zotsekemera ndi kusamala kadyedwe. Koma amene dokotala anamulembera insulin chifukwa thupi lake silipanganso, akaileka, ludzu losatha ndi kukodza usiku wonse zimabwerera, nayamba kusanza ndi kupuma mozama, ndipo imfa ingamfikire m'masiku ochepa.

Chotero tipempha inu mafumu ndi nduna, abusa ndi anamkungwi, amene mau anu amamveka pamaliro ndi pabwalo, kuti wodwala aliyense wokayika mumtumize kukafunsa pachipatala cha boma ku Chadiza kapena ku St Francis ku Katete, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo inu amene mumabaya, musapite kumunda osadya, ndipo m'thumba mwanu musasowe kashuga.