CIFUNDO CINAPHA NKHWALI

Pa misonkhano ya mabanki a m'midzi, ndi ya mabungwe ena osunga ndi kubwereketsa ndalama, pali mau amene amveka kawiri-kawiri kuyambira ku Nyimba kufikira ku Lundazi. Mauwo ndi akuti, "Ife tinasonkhana kuti tithandizane, sitinabwere kudzapindula pa abale athu ai." Wonena mau amenewa anthu amamuombera m'manja, ndipo msungicuma amene anaimirira kuti akumbutse za ngongole zakale amakhala pansi mwamanyazi ngati kuti wakuba ndiye. Ine ndifuna kutsutsa mau amenewa poyera, ngakhale ndidziwa kuti ena adzandiyesa munthu wouma mtima. Ndinena kuti banki ya anthu imene sipindula iri kale pa ulendo wa ku manda, ndipo onyamula maliro ace ndiwo anthu okoma mtima omwewo amene acita manyazi kufunsa ngongole.

Tiyambe tafunsa kuti ndalama za m'bokosi ndi za yani. Si za Boma, si za wapampando, ndiponso sizinagwe ndi mvula. Ndi za mai uja amene akhala tsiku lonse pa dzuwa kugulitsa tomato ndi repu pa msika wa Kapata ku Chipata. Ndi za mkazi wamasiye wa ku Katete amene anagulitsa thumba lace la nshawa, nadzimana citenje catsopano kuti aikeko kanthu. Ndi za mnyamata amene apalasa njinga kunyamula anthu kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Tsono pamene komiti inena kwa wangongole kuti, "Musabvutike, bambo, ife tikudziwani," komitiyo iri kupatsa cinthu cimene si cace. Kuolowa manja ndi cuma ca mwini, pa bwalo la mfumu kuli nalo dzina lina, ndipo dzinalo si lokoma.

Makolo athu anasimba za nkhwali imene inapeza njoka itazingidwa ndi moto wa lupsa. Njoka inadandaula, nkhwali inamva cisoni niilola kuti idzikulunge m'khosi mwace, niuluka nayo kufikira pa malo opanda moto. Zitatera pansi, njoka inakana kumasuka, ndipo nkhwali inafera pomwepo. Ndico cifukwa cace akulu amati cifundo cinapha nkhwali. Iwo sanadane ndi cifundo. Anafuna kutiphunzitsa kuti wothandiza ayambe waganiza za khosi lace, pakuti moto udzabukanso caka camawa, ndipo nkhwali yakufa singanyamulenso kanthu.

Tiwerengere pamodzi, pakuti nkhani ya ndalama sitha ndi kukweza mau. Tiyerekeze kuti m'bokosi muli K10,000, ndipo anthu khumi abwereka K1,000 ali yense, atapangana kubweza ndi ciongola dzanja ca K100. Onse akabweza, bokosi likhala ndi K11,000. Koma mmodzi yekha akathawa, asanu ndi anai otsalawo abweza K9,900, ndipo bokosi lacepa ndi K100 pa cuma cimene linayamba naco. Taonani, munthu mmodzi wadya thukuta la anzace asanu ndi anai, nalumanso mbeu. Akathawa awiri, bokosi litsala ndi K8,800. Motero ciongola dzanja, cimene ena anena kuti ndi umbombo, ndiwo mpanda umene uteteza ndalama za osunga. Ndipo mpandawo ndi wosacedwa kugwa, pakuti munthu mmodzi akhoza kuugwetsa.

Palinso mbala ina imene sithyola loko, ndiyo kukwera kwa mitengo ya zinthu. M'caka ca 2021 mitengo m'Zambia inakwera kupitirira 20 pa 100, ndipo mu 1993 inatsala pang'ono kufika katatu m'caka cimodzi. Ndiye kuti K1,000 imene munthu anaika mu Januwale sigula zofanana pofika Disembala. Banki yobwereketsa popanda ciongola dzanja, kapena ndi ciongola dzanja cocepa kwambiri, ngakhale onse abweze mokhulupirika, ibwezera osunga ndalama zofooka kuposa zimene anaika. Ciwerengero m'buku cikhala comweco, koma feteleza amene ndalamazo zikadagula wacepa, ndipo wobwereka wadyera pa msana pa wosunga onse awiri osadziwa.

Zimenezi dziko lathu linazionapo ndi maso. Titalandira ufulu mu 1964, ndipo mu 1965 Dr Kenneth Kaunda ataitana anthu pa msonkhano wa ku Chifubu kuti ayambe makoparetivu, Boma linatambasula dzanja lace kwa alimi kupyolera m'bungwe la Credit Organisation of Zambia. Colinga cinali cabwino, pakuti m'nthawi ya atsamunda mlimi wakuda sanali kupeza ngongole monga anali kucitira mzungu. Koma ambiri anayesa ngongolezo mphotho ya kumenyera ufulu, ndipo kufunsa ngongole kunaoneka ngati kunyoza anthu amene anabvutikira dziko. Pofika 1970 bungwelo linatha, litamira m'ngongole zosabwezedwa. M'malo mwace munalowa Agricultural Finance Company, ndipo pambuyo pace panabadwa Lima Bank, koma nthenda inali imodzi-modzi. Zaka za m'ma 1990 zisanathe Lima Bank inatsekedwa, ndipo mlimi wamng'ono anatsala wopanda khomo logogodapo. Amene anadya ngongole zoyamba anakhuta nyengo imodzi. Ana ao ndiwo anasowa kobwereka.

Anansi athu a kutsidya kwa malire a Mwami anapunthwa pa citsa comweco. Ku Malawi alimi anali kulandira mbeu ndi feteleza pa ngongole kupyolera m'makalabu ao, ndipo kwa zaka zambiri anali kubweza koposa 90 pa 100, cifukwa kalabu yonse inali kumanidwa ngongole yatsopano ngati yakale sinathe. Nchitoyo inali m'manja mwa bungwe la Smallholder Agricultural Credit Administration pamene kunadza cilala ca 1992, ndipo posacedwa kunadza ndale za riferendamu ya 1993 ndi masankho a 1994. Alimi anamva mphekesera yakuti ngongole zikhoza kukhululukidwa, ndipo ngakhale amene anali nazo ndalama analeka kubweza. Bungwelo linagwa. Mwambo wa kubweza umangidwa zaka zambiri, koma uphwasuka ndi mau amodzi, pakuti munthu akaona mnzace wakhululukidwa, afunsa mu mtima mwace kuti, "Nanga ine ndine citsiru kodi kuti ndizibweza ndekha?"

Tsono ndimva wina ali kunena kuti, "Nanga mwambi uja wakuti mnzako akapsa ndebvu m'zimire mwauiwala? Nanga munthu amene cimanga cace cinapserera m'cilala ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, kodi mum'lande bulangete?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo sindilithawa. Tsoka liripo, maliro alipo, matenda alipo. Koma ndebvu za mnzako uzizimira ndi madzi amene uli nao mu mtsuko, ndipo mtsuko wobooka suzima moto. Njira ya mabanki a m'midzi imene bungwe la CARE linayamba ku Niger mu 1991, imene inafika kuno pambuyo pace, inakonzera zimenezi thumba lapadera la cithandizo, m'mene membala ali yense aponyamo kandalama pa msonkhano uli wonse. Za maliro ndi matenda zicokere m'menemo, thumba la ngongole lisakhudzidwe. Ndipo wogwa m'tsoka loona aonjezeredwe masiku pamaso pa onse, nizilembedwe m'buku kuti adzabweza liti ndi zingati. Wolephera ndi wokana ndi anthu awiri osiyana, ndipo komiti imene iwasanganiza ilanga wokhulupirika ndi kudyetsa wonyenga.

Kunena zoona, kodi okana kubweza ndiwo osauka? Funsani amene asunga mabuku a mabungwe otere. Mai wa tomato uja abweza tsiku lisanafike, pakuti afuna kudzabwerekanso, ndipo mbiri yace yabwino ndico cikole cokha cimene ali naco. Ngongole zazikulu zogonera mupeza ziri kwa mlamu wa wapampando, kwa mphwace wa mfumu, kwa mkulu wa mpingo, kapena kwa mlembi mwini wace. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Onse aopa kuswa cibale, nakhala cete kufikira bokosi litapepuka. Nthenda imeneyi ya kubwereketsana okha-okha a m'nyumba idziwika ndi kwa mabanki akulu omwe, ndipo ndico cifukwa cace malamulo a Bank of Zambia aika malire pa ndalama zimene banki ingabwereketse kwa eni ace ndi atsogoleri ace. Ngati mabanki okhala ndi akatswiri a masamu akhoza kugwa, monga Meridien BIAO imene inatsekedwa mu 1995, ndi Investrust imene Bank of Zambia inalanda mu 2024, nanga bokosi losungidwa pansi pa kama lidzalimba bwanji popanda malamulo?

Malamulo ace si obvuta kuwamva, obvuta ndi kuwasunga. Bokosi likhale ndi maloko atatu, ndipo makiyi akhale kwa anthu atatu osacokera nyumba imodzi. Ndalama ziwerengedwe mokweza pamaso pa onse, poyamba ndi potseka msonkhano. Kumene zisungidwa pa foni, uthenga wa ciwerengero uonetsedwe kwa mamembala. Munthu asabwereke kupitirira katatu pa zimene iye anasunga. Wa m'komiti akafuna ngongole, ayambe watuluka panja pamene anzace akambirana za pempho lace. Amene akwiya ndi malamulo otere nanena kuti, "Kodi simundikhulupirira?" ameneyo mumuyang'anitsitse, pakuti munthu woongoka sadana ndi kuwerengedwa.

Ndiyeno pali nkhani ya mbeu. Mwambo wa kugawana zonse pakutha kwa caka uli ndi ubwino wace, pakuti tsiku limenelo ndalama zonse zibwera poyera ndipo cinyengo cioneka. Koma bungwe lofuna kukula ndi kukhalitsa liyenera kusiya kanthu m'nkhokwe. Ku Germany, Friedrich Wilhelm Raiffeisen anayamba ndi mabungwe acifundo, m'mene olemera anali kuthandiza alimi osauka. Olemerawo atatopa, nchito inazilala. Mu 1864 ku Heddesdorf anayamba njira ina imene inafalikira kutali: obwereka akhale mamembala eni ace, a m'dera laling'ono m'mene ali yense adziwa mnzace, ndipo phindu liunjikidwe m'thumba la bungwe losagawidwa. Mabanki odziwika ndi dzina lace alipobe lero lino ku Germany, ku Austria ndi ku Switzerland. Ife tidziwa bwino kuti mlimi amene akazinga mbeu yace mu Ogasiti adzapempha mu Novembala. Nanga cifukwa ninji tiiwala nzeru imeneyi tikafika pa ndalama?

Thumba losagawidwalo lifunika koposa kuno Kum'mawa, cifukwa tonse tidalira mvula imodzi. Onse afuna ndalama mu Okutobala ndi Novembala zogulira mbeu ndi feteleza, ndipo onse abweza atakolola mu Juni ndi Julai. Banki ikapereka bokosi lonse kwa olima cimanga okha-okha, mvula ikadula mu Febuluwale bokosi liuma pamodzi ndi minda. Mlimi wanzeru alima cimanga ku mtunda, nabzalanso mbatata ndi cinangwa, nakhala ndi dimba ku dambo. Banki nayonso igawe ngongole zace cimodzi-modzi, zina kwa wa dimba, zina kwa woweta mbuzi, zina kwa wosoka zobvala ndi wa kagolosale, ndipo isiye gawo lina losabwereketsa kuti wosunga akadza ndi bvuto asabwerere cimanja-manja.

Ndisamveke ngati ndiri kukometsa umbombo. Alipo magulu, makamaka m'matauni, amene akweza ciongola dzanja kufikira cifanane ndi kaloba, nakakamiza membala ali yense kubwereka ngakhale alibe cocita nazo ndalamazo, kuti ciwerengero cikule pa tsiku logawana. Wokakamizidwayo akongola kwina kuti abweze kuno, ndipo potsiriza agwa, nagwetsa anzace. Enanso alandira ndalama kwa anthu acilendo nalonjeza kuzicurukitsa m'mwezi umodzi, cinkana lamulo liletsa kulandira ndalama za anthu wamba popanda cilolezo ca Bank of Zambia. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Phindu limene ine ndinena ndi la muyeso: lokwanira kugula buku ndi colembera, kukwirira ngongole yotayika, kupambana kukwera kwa mitengo, ndi kusiya mbeu ya caka camawa.

Banki ya m'mudzi ikafa, wolemera sabvutika. Akwera basi kupita ku banki ya ku Chipata kapena ya ku Lusaka, kumene amulandira ndi mpando. Wosauka ndiye abwerera kwa wa kaloba, kukapinyolitsa njinga, wailesi, kapena kugulitsa cimanga cikali m'munda pa mtengo wolira. Motero inu amene munena kuti mukonda osauka, pa msonkhano ukudzawu pemphani kuti buku la ngongole liwerengedwe mokweza, dzina ndi dzina, kuyambira pa a komiti. Ngati mlamu wanu ali m'bukumo, pitani kwao madzulo ano mukamuuze kuti akonzeke.