Kutsika Mtengo kwa Bandulo Sikunena Zonse

A Mkonzi,

Nkhani imene munasindikiza yonena kuti kampani yabwino ya foni ndi imene ili ndi bandulo lotsika mtengo inasocheretsa owerenga a ku Kafue. Mtengo weniweni uli pa zinthu zinayi zimene mlembiyo sanazitchule.

Choyamba ndi kumene foni ikupita. Wogula mphindi za Airtel, MTN kapena Zamtel ayenera kuona ngati zimaimbira manetiweki onse kapena imodzi yokha.

Chachiwiri ndi masiku. Bandulo la tsiku limodzi limatha ngakhale mwini wake asanaligwiritse ntchito lonse, choncho pakutha pa mwezi likhoza kudya ndalama zambiri kuposa la pamwezi.

Chachitatu ndi zipangizo. Foni ya waya ya Zamtel, ya nambala zoyamba ndi 0211, imafuna waya wofika pakhomo. Rauta ya 4G imayamba yagulidwa. Starlink, imene inafika m'Zambia mu 2023, imafuna mbale yake ndi malipiro a pamwezi.

Chachinayi ndi mphamvu ya netiweki. Yogwira bwino ku Kafue Estates ikhoza kufooka kumidzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, ndipo bandulo losatsegula intaneti n'kutaya ndalama chabe.

Wogula aziyesa netiweki pakhomo pake asanalipire, ndipo kampani ikalephera kuthetsa dandaulo lake, alitengere ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a foni.

Wowerenga,
Kafue