Mlandu wa Michael Vick ndi Agalu a ku Phalombe

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2007, apolisi a m'dziko la America analowa pamalo ena m'boma la Surry, m'chigawo cha Virginia, napezapo agalu oposa 50. Ambiri mwa agaluwo anali omangidwa ndi maunyolo, ndipo ena anali ndi zipsera kumaso ndi m'miyendo. Mwini malowo anali Michael Vick, mnyamata wa zaka 26, katswiri wa timu ya Atlanta Falcons pa mpira uja anthu a ku America amathamanga nawo m'manja. Mu 2004 iyeyu adaasaina pangano la madola 130 miliyoni, kotero kuti sanali munthu wosowa kanthu.

Pofufuza kunapezeka kuti Vick ndi anzake atatu ankaweta agaluwo ndi cholinga chowamenyanitsa, anthu n'kumabetcherana ndalama. Galu amene anaonetsa mantha ankaphedwa, wina pomupachika, wina pomumiza m'madzi. Mbiriyi itawanda anthu anapsa mtima kwambiri, ndipo ena anakaima ndi zikwangwani kunja kwa bwalo la milandu mumzinda wa Richmond. Akuluakulu a mpira anamuimitsa kusewera, kampani ya Nike inathetsa pangano lake, ndipo mu Disembala chaka chomwecho woweruza anamulamula kukakhala kundende miyezi 23. Pofika 2008 mwini chuma uja anali atamira m'ngongole.

Munthu wa ku Migowi kapena ku Chiringa akamva zimenezi angathe kupukusa mutu n'kufunsa kuti: kodi munthu n'kulowa m'ndende chifukwa cha galu? Funso limeneli si lopusa. Anthu a ku Phalombe anaika m'manda abale awo pa napolo wa 1991, ndipo analiranso pa namondwe wa Freddy mu 2023. Banja limene likugonera mbatata lili ndi chifukwa chodabwira likamva kuti Vick analipitsidwa ndalama pafupifupi madola miliyoni imodzi zosamalira agalu ake. Komabe kulemera kwa mavuto a anthu sikusandutsa nkhanza kukhala chinthu chabwino. Munthu wosauka alibe nyama yopatsa galu wake tsiku ndi tsiku, izi n'zomveka. Koma kuleka kumuponya miyala sikulira tambala ngakhale imodzi.

Mfundo yaikulu pa mlanduwu ili pa zimene Vick anaulula yekha atatuluka m'ndende mu 2009. Iye ananena kuti anayamba kuonerera agalu akumenyana ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kwawo ku Newport News, ndipo anakula akuyesa kuti ndi masewera wamba. Chuma chimene anachipeza pambuyo pake chinangokulitsa khalidwe limene linamera ali mwana. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.

Tsono zimene mwana wa ku Phalombe amaona pokula n'zotani? Amaona anyamata akusaizirana agalu pabwalo, anzawo akuwomba m'manja. Amaona atambala akumenyanitsidwa mpaka lipombo kuchucha magazi. Amaona mbuzi itamangidwa miyendo inayi pakaliyala wa njinga, mutu uli lende, ulendo wonse wa kumsika dzuwa likuswa mtengo. Amaona ng'ombe ya pangolo ili ndi chilonda cha goli pakhosi, mwini wake akuikwapulabe. Palibe wamkulu amene amadzudzula, ndipo mwanayo amaphunzira phunziro limene silinalembedwe pabolodi: lakuti kulira kwa cholengedwa chopanda mphamvu n'koseketsa. Mwana wozolowera kuseka kulira kwa galu sachedwa kuseka kulira kwa mng'ono wake, kapena kwa mnzake wolumala m'kalasi. Ndipo tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo.

Chodabwitsa n'chakuti galu yemweyo ndiye mlonda wa pakhomo. Ndiye amauwa akuba akafika pakhola usiku, ndiye amathamangitsa anyani m'minda ya m'mphepete mwa phiri la Michesi, ndiyenso amatsogola pa uzimba. Malipiro ake amakhala mkute wa nsima, nthawi zina ndodo.

Kunyozera galu kumabwezeranso tsoka kwa munthu. Bungwe la World Health Organization limati matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi, ochuluka mwa iwo a mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga polumidwa ndi galu. Ana ndiwo amalumidwa kawirikawiri, pakuti ndiwo amaputa agalu. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe sachira. Koma matendawa amaleka kufala ngati agalu 70 mwa 100 aliwonse alandira katemera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo linayendera sukulu kuphunzitsa ana kuti asamazunze agalu, ndiponso kuti wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 asanathamangire kuchipatala. Galu wozolowera kumenyedwa amathawa munthu, motero n'kovuta kumugwira tsiku la katemera. Nkhanza za pakhomo zimalepheretsa ntchito yoteteza mudzi wonse.

Malamulo a Malawi, makamaka lamulo lotchedwa Protection of Animals Act, amaletsa kuzunza zinyama. Koma wapolisi sangaime pakhomo lililonse. Amene ali pafupi ndi ana ndi mphunzitsi, ndiponso mkulu wawo amene wangomaliza sukulu, yemwe ang'onoang'ono amamutsanzira mayendedwe ndi mayankhulidwe omwe. Kwa mwana wa Sitandade 3, mnyamata wogoletsa zigoli mu timu ya m'mudzi ndi wamkulu monga momwe Vick analili kwa ana a ku Atlanta. Mnyamatayo akasaizira galu, anawo adzasaiziranso. Akakana, adzachita manyazi.

Mathero a mlandu uja ali ndi phunziro lakenso. Ambiri ankati agalu a Vick ndi oopsa, aphedwe onse. Koma agalu 47 anaperekedwa kwa anthu owasamala, 22 mwa iwo ku bungwe la Best Friends m'chigawo cha Utah, ndipo ambiri anafatsa mpaka kukhala m'nyumba za mabanja. Vick naye anabwerera ku mpira ndi timu ya Philadelphia Eagles, nayamba kuyendera sukulu kuchenjeza ana za kuipa kwa kumenyanitsa agalu. Kuti aphunzire zimenezi anataya ufulu wake, chuma chake ndi mbiri yake. Mwana wa ku Phalombe angathe kuziphunzira kwaulere, ngati aphunzitsi ndi akulu ake atsegula pakamwa tsiku limene amuona akutola mwala.