Mlandu wa a Picts Usaweruzidwe ndi Adani Ao Okha

Tonse tidziwa kuti amishoni amene anakhazika Livingstonia m'chaka cha 1875 ndi Blantyre m'chaka cha 1876 anachokera ku Scotland. Koma mukafunsa za makolo a dziko lija, ena ayankha msanga: ati kumpoto kwake kunali a Picts, anthu akuthengo odzipaka utoto, amene mfumu Kenneth MacAlpin inawatha powapha akulu ao paphwando. Mau awa ndiwakana, ndipo nditi buku lowaphunzitsa siliyenera malo m'nyumba ya Mkhristu. Kunamizira akufa ndiko umboni wonama ndithu.

Taonani amene anagwira cholembera. Dzina lakuti Picti lioneka koyamba m'chaka cha 297, m'mau a Chilatini otamanda wolamulira wa Aroma, ndiwo adani ao. Mabuku a eni ake anatayika. Chatsala ndicho mndandanda wa mafumu ao, ndi miyala mazanamazana yozokotedwa nyama, kalilole, chipeso ndi mitanda. Kodi pabwalo la mfumu mlandu utha pomva odandaula okha, mwini wake kulibe? Iai.

Mboni zakale zilipo ziwiri, ndipo muziwerenge, koma mochenjera. Adomnán, mkulu wa amonke a pa Iona, analemba moyo wa Columba, nasimba za ulendo wake kwa mfumu Bridei pafupi ndi mtsinje wa Ness. Koma analemba patapita zaka ngati 100 Columba atamwalira mu 597, ndipo mtima wake unali pakukweza Columba, si pakufotokoza a Picts. Bede anatsiriza mbiri yake ya Mpingo mu 731. Asimba kuti a Picts anapha Ecgfrith, mfumu ya Northumbria, pankhondo ya mu 685. Koma Bede anali munthu wa ku Northumbria komweko.

Chifukwa chake woyamba kumene ayambe ndi Picts, Gaels and Scots la Sally Foster, pakuti lili ndi zithunzi zambiri, ndipo liyendetsa munthu pang'onopang'ono. Atatero atenge Picts: Scourge of Rome, Rulers of the North la Gordon Noble ndi Nicholas Evans, la mu 2022, limene liphatikiza zolembedwa zakale ndi zimene akumba pansi. Wa mano olimba adye From Caledonia to Pictland la James Fraser, la mu 2009, ndi From Pictland to Alba la Alex Woolf, la mu 2007. Ndiwatama olemba awa chifukwa aonetsa mboni zao, nanena poyera pamene mboni zitsutsana.

Nanga apeza chiyani? Pa Portmahomack, Martin Carver ndi anzake anafukula nyumba za amonke, kumene a Picts ankakonza zikopa za ana a ng'ombe zolembapo mabuku, mpaka malowo anatenthedwa cha m'ma 800. Kodi awa ndiwo anthu akuthengo? Ndipo pamene Kenneth anamwalira mu 858, alembi a ku Ireland anamutcha mfumu ya a Picts. Nthano ya phwando ija inalembedwa patapita zaka mazana. Anthuwo sanathe. Ufumu wao unayamba kutchedwa Alba cha m'ma 900, chinenero chao chinamezedwa ndi Gaelic, ndipo zidzukulu zao zinalimabe minda yomweyo.

Wina adzati, Mabukuwa ngachingerezi, ngovuta, ndiponso mtengo wao ngwaukulu. Inde. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Mpingo usonkhe ndi kugula limodzi, aphunzitsi awerenge ndi kumasulira anzao madzulo. Buku limodzi loona liposa khumi a nthano.

Winanso adzati, Za a Picts zitikhudza bwanji ife? Zitikhudza kwambiri. Iwo anali ndi mafumu, amisiri ndi Mpingo, koma popeza mabuku ao anatayika, dzina lao linakhala m'kamwa mwa alendo zaka zoposa 1,000. Inu amene mudziwa kulemba, khalani pansi ndi agogo anu akali moyo, lembani mbiri ya mudzi ndi ya mpingo wanu m'chinenero chathu, ndipo musunge makalatawo posafika chiswe ndi moto.